Swordtail yatsopano ikayamba kudwala

Swordtail ndi nsomba yopirira. Kwawo ndi m'mitsinje ya ku Mexico, Belize, Guatemala mpaka ku Honduras, ndipo dzina lake la sayansi, Xiphophorus hellerii, analipereka ndi katswiri wa nsomba Johann Jakob Heckel mu 1848. Yaimuna simungaisokoneze ndi ina, chifukwa chipsepse cha kumchira chinatalika chakumunsi ngati lupanga. Chodabwitsa n'chakuti nsomba yopirirayi ndi imodzi mwa zimene zimafa kawirikawiri m'sabata ziwiri zoyamba munthu akagula. Loweruka inali kuthamanga bwinobwino m'sitolo, Lachitatu yapinda zipsepse, yakhala pakona, chakudya ikungochiyang'ana.

Chifukwa chake chili m'njira imene yadzera. Swordtail zogulitsa sizichokera mumtsinje. Zimaswedwa m'mafamu a ku Florida, Singapore, Thailand, Sri Lanka ndi kwina, zambirimbiri m'dziwe limodzi. Zisanatumizidwe amazimana chakudya, n'kuziika m'matumba a pulasitiki momwe zimatha tsiku kapena awiri. Zikafika zimalowa m'madzi osiyana ndi akwawo, kenako m'madzi anu, osiyananso. Thelezi la pakhungu, lomwe ndilo chitetezo choyamba cha nsomba, limakhala litapalika ndi ukonde. Tizirombo tomwe thupi linkatha kutigonjetsa timapeza mpata. Ndiye nthenda imene mukuiona Lachitatu nthawi zambiri inabwera ndi nsombayo, kapena yayambitsidwa ndi madzi a m'thanki mwanu. Ntchito yoyamba ndi kudziwa kuti mwa ziwirizi n'chiti.

Madzi kaye

Musanatsegule botolo lililonse la mankhwala, yezani zinthu zisanu: ammonia, nitrite, nitrate, pH (muyeso wa asidi m'madzi, ikakwera ndiye kuti asidi wachepa) ndi kutentha. Zoyezera za madontho zimanena zoona kuposa timapepala toviika. Ammonia ndi nitrite zikhale pa 0. Nitrate asapitirire 40 mg pa lita, ndipo pansi pa 20 ndiye pabwino. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 22 ndi 28, pH pakati pa 7.0 ndi 8.3.

Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya okwanira osandutsa ammonia wa m'chimbudzi cha nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate. Kuti achuluke m'fyuluta pamatenga sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi. Munthu amene wagula thanki ndi nsomba tsiku limodzi, nsomba zake zikamafa, kawirikawiri si nthenda, ndi poizoni. Zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za tizirombo: kupuma mofulumira pamwamba pa madzi, kupinda zipsepse, makha ofiira kwambiri, kudzikhula pamiyala. Nitrite akachuluka makha amaoneka ofiirira ngati dothi, chifukwa magazi alephera kunyamula mpweya.

Pali chinthu chimodzi chokhudza swordtail makamaka. Nsombayi imakonda madzi a pH yokwera, koma ammonia amaopsa kwambiri pH ikakwera. Pa pH 8, gawo la ammonia lomwe limawotcha makha limachuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi pa pH 7. Mlingo womwe nsomba ya m'madzi a asidi ingaupirire, swordtail ya m'madzi a pH 8 ungaiphe.

Mukapeza ammonia kapena nitrite, chotsani theka la madzi n'kuthira atsopano ofanana kutentha, ndipo bwerezani tsiku lililonse mpaka choyezera chionetse 0. Madzi a pampopi ali ndi klorini, choncho thirani mankhwala ochotsa klorini musanawalowetse. Lekani kudyetsa masiku awiri, nsomba siifa ndi njala ya masiku awiri. Ngati vuto ndi nitrite, galamu imodzi ya mchere pa lita imateteza, popeza chloride wa mumchere amapikisana ndi nitrite polowa m'makha. Siponji ya fyuluta musaitsuke pampopi, ifinyeni m'madzi omwe mwachotsa m'thanki.

Pali kadwalidwe kena kodziwika pa swordtail ndi abale ake, molly ndi platy: nsomba imagwedeza thupi uku ndi uku ngati ikusambira koma osasuntha pamalo. Oweta amakutcha shimmies. Kawirikawiri si kachirombo ayi. Ndi thupi lomwe lalephera kusunga mchere wake m'madzi ofewa kwambiri kapena ozizira. Swordtail imafuna madzi olimba, okhala ndi calcium ndi magnesium wambiri, GH (muyeso wa kulimbako) yoyambira pa 12 kupita m'mwamba. Madzi a mvula ndi ofewa, saiyenera. A pamjigo nthawi zambiri amakhala olimbirapo ndipo alibe klorini, koma amatuluka ndi mpweya wochepa, ndiye muziwaombera ndi pampu ya mpweya usiku umodzi kaye. Kathumba ka zigoba za nkhono zophwanya kapena coral m'fyuluta kamalimbitsa madzi pang'onopang'ono. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, madzi a m'thanki yopanda hita amazizira kwambiri m'bandakucha, ndipo magetsi akathima usiku hita nayo imaleka. Fundani thankiyo bulangete, ndipo tungani madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo pa ola kuti mpweya ulowe.

Zoyera pathupi: apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa

Madzi akakhala bwino koma nsomba ili ndi zoyera pathupi, zimitsani nyale ya m'chipinda, tengani tochi, muunike nsombayo chammbali. Pali nthenda zinayi zomwe wongoyamba amaziona ngati imodzi, ndipo ziwiri mwa izo zimafuna chithandizo chotsutsana.

Yoyamba ndi ich, ya timadontho toyera, yoyambitsidwa ndi kachirombo kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis. Timadonthoto ndi tozungulira, tofanana kukula, ngati munthu wawaza mchere wosalala pathupi ndi pazipsepse. Timayambira kawirikawiri kuzipsepse, ndipo nsomba imadzikhula kwambiri. Kuti muchize bwino muyenera kumvetsa moyo wa kachiromboka. Kadontho komwe mukukaona kali pansi pa khungu, ndipo mankhwala sakafika. Kakakhuta kamagwa pansi, n'kudzikuta m'kathumba, momwe kamagawikana kukhala ana mazanamazana. Apanso mankhwala sagwira kwenikweni. Anawo akatuluka n'kuyamba kusambira kufuna nsomba, ndi pokhapo pomwe amafa ndi mankhwala. Pa madigiri 25 ulendo wonsewu umatenga pafupifupi sabata, m'madzi ozizira umatalika. N'chifukwa chake timadontho timatha kuchuluka tsiku lachiwiri la chithandizo ngakhale mankhwala akugwira, ndipo n'chifukwa chakenso wosiya mankhwala tsiku lomwe kadontho komaliza kasowa amadzaona nthendayo yabwerera. Pitirizani masiku anayi kapena asanu kadontho komaliza katachoka. Mankhwala ake ndi aja okhala ndi malachite green, nthawi zina wosakaniza ndi formalin, motsatira mlingo wa pabotolo. Swordtail imapirira mchere, ndiye magalamu atatu pa lita kwa masiku 10 mpaka 14 ndi njira inanso yabwino. Tsiku lililonse yamwani za pansi ndi kapaipi, mukuchotsa timatumba tija tisanaphulike. Ich imachizidwa m'thanki yonse momwe yaonekera, kuchotsa yodwala yokha sikuthandiza.

Yachiwiri ndi columnaris, ya mabakiteriya otchedwa Flavobacterium columnare, ndipo iyi ndiyo mdani weniweni wa swordtail zongogula. Siioneka ngati timadontho. Imaoneka ngati chigamba chotuwa kapena choyera, chosalala, ngati khungu lafufuma. Imakonda pakamwa, pomwe milomo imayera n'kuyamba kudyeka, ndi pamsana mozungulira chipsepse cha pamwamba, pomwe chigambacho chimatsikira mbali zonse ziwiri ngati chishalo. Nsonga za zipsepse zimayera n'kunyotsoka. Mitundu ina yaukali imapha m'maola 24 mpaka 48, nthawi zina chigamba chisanaoneke n'komwe, chifukwa yagwira makha. Ngati nsomba zikufa imodzi lero, ziwiri mawa, madzi ali bwino, ganizani za columnaris.

Tsono vuto lili apa. Langizo lofala la ich ndi lakuti kwezani kutentha kufika 28 kapena 30, kuti kachirombo kamalize ulendo wake msanga. Columnaris imakula mofulumira komanso imachita ukali madzi akatentha. Munthu amene waona zoyera, n'kuganiza kuti ndi ich, n'kukweza hita, amatha kupha thanki yonse m'masiku awiri. Ngati simunatsimikize, hita musaikhudze. Ich imachira ndithu pa madigiri 25, kungoti imatenga masiku owonjezera pang'ono. Ngati ndi columnaris, tsitsani kutentha pang'onopang'ono kufika 23 kapena 24, digiri imodzi pa maola angapo.

Chithandizo cha columnaris chili patatu. Patulani yodwala msanga, ndipo yakufa ichotseni pomwepo, chifukwa mtembo umatulutsa mabakiteriya ochuluka ndipo zinzake zimaujompha. Thirani mchere magalamu awiri kapena atatu pa lita, umalepheretsa mabakiteriyawa kumamatira pakhungu. Kenako pamafunika mankhwala opha mabakiteriya a gulu la gram-negative, momwe muli a columnaris, monga kanamycin kapena nitrofurazone, kwa masiku onse olembedwa, osadukiza. Oxytetracycline amagwira, koma m'madzi olimba omwe swordtail imakhala amamangika ndi calcium n'kuchepa mphamvu, ndiye amathandiza akakhala m'chakudya, nsomba ikadali kudya. Makapisozi a anthu monga amoxicillin, omwe ena amangotsanulira m'thanki, pa columnaris si odalirika, ndipo atha kupha mabakiteriya a m'fyuluta n'kuwonjezera vuto la ammonia. M'mayiko ena, monga ku Britain, mankhwala a mtundu umenewu sagulitsidwa popanda kalata ya dokotala wa ziweto, ndipo kulikonse kumene muli ndi bwino kudzera kwa iye.

Komwe mankhwalawa sapezeka, potassium permanganate amathandiza nthenda ikadali pakhungu pokha. Mlingo wake ndi 2 mg pa lita. Sungunulani galamu imodzi mu lita imodzi ya madzi, kenako tengani mamililita awiri a madzi amenewa pa lita iliyonse ya chidebe chochizira. Madzi akhale a mtundu wa pinki kwa maola anayi, pampu ya mpweya ikugwira. Akasanduka ofiirira msanga ndiye kuti zinyalala za m'madzi zatha mphamvu yake. Mankhwala ochotsa klorini nawonso amamupha mphamvu. Musayerekeze ndi maso, chifukwa mukapitirira mlingo amawotcha makha, ndipo musamuphatikize ndi formalin.

Yachitatu ndi chuku chenicheni cha m'madzi, Saprolegnia. Chimamera ngati thonje lonyowa, ndi timaulusi toonekeratu toyandama, ndipo pafupifupi nthawi zonse chimamera pabala lomwe linalipo kale. Madzi oyera, mchere, ndi methylene blue m'chidebe chapadera zimachithetsa. Dziwani kuti chimene m'masitolo amachitcha fangasi wa pakamwa kawirikawiri ndi columnaris, ndipo mankhwala a fangasi sagwirapo.

Yachinayi ndi velvet, yomwe popanda tochi simungaione bwino: fumbi losalala kwambiri, lachikasu kapena lagolide, ngati nsomba yagubuduzika muufa. Kachirombo kake, Piscinoodinium, kamapindula ndi kuwala, choncho phimbani thanki ikhale mumdima sabata yathunthu, mukuthira mankhwala a copper kapena mchere. Copper amapha nkhono ndi shrimp, ndipo amakhalira m'miyala ndi mumchenga nthawi yaitali.

Pamene pathupi palibe chooneka

Nsomba ikudzikhula, yapinda zipsepse, khungu lachita ngati mtambo, mwina ikupuma ndi mbali imodzi ya makha, koma kadontho kapena chigamba palibe, madzi ali bwino. Apa ganizani za tinyongolotsi ta pakhungu ndi m'makha, Gyrodactylus ndi Dactylogyrus, tomwe timabwera kwambiri ndi nsomba za m'mafamu. Sitioneka ndi maso. Mankhwala ake ndi praziquantel, yemweyo wochiza likodzo kwa anthu, pa mlingo wa 2 mg pa lita. Sasungunuka msanga, ndiye wokonzedwera nsomba ndi wosavuta kuyeza. Bwerezani pakatha masiku asanu mpaka asanu ndi awiri mutasintha madzi, chifukwa Dactylogyrus amaikira mazira omwe mankhwala sawapha.

Nthenda ina imabisala nthawi yaitali, mwina mwezi kapena iwiri. Nsomba imadya koma ikuonda, mimba ikulowa m'kati. Ikaima phee, yang'anani kotulukira chimbudzi. Mukaona timaulusi tofiira titatuluka pang'ono, tomwe timabwerera m'kati nsomba ikasuntha, imeneyo ndi Camallanus, njoka ya m'matumbo yoyamwa magazi. Ikaoneka pa imodzi, thanki yonse yatenga kale. Mankhwala ake ndi levamisole, 2 mg pa lita, kwa maola 24 nyale itazima, chifukwa kuwala kumamuwononga. Levamisole amangoziziritsa njokazo kuti zituluke, choncho pakatha maola 24 yamwani za pansi bwinobwino n'kusintha theka la madzi kapena kuposa. Bwerezani pakatha sabata ziwiri kapena zitatu. M'masitolo a mankhwala a ziweto levamisole amapezeka ngati mankhwala a njoka za mbuzi ndi ng'ombe, koma werengani pabotolo. Akhale levamisole yekha, chifukwa wosakaniza ndi oxyclozanide ndi poizoni kwa nsomba. Ngati alemba 7.5%, ndiye kuti mililita imodzi ili ndi 75 mg, ndipo thanki ya malita 45 ikufuna 90 mg, omwe ndi mamililita 1.2. Yezani ndi sirinji.

Chimbudzi choyera chonga ulusi pachokha si umboni wa njoka. Nsomba yomwe yatha masiku osadya paulendo imatulutsa chotere. Chikapitirira sabata nsomba ikudya koma ikuondabe, ndiye pamenepo mpoyenera kuganiza za tizirombo ta m'matumbo ndi metronidazole wosakaniza m'chakudya.

Mimba yotupa nayo imasokoneza. Swordtail siiikira mazira, imabereka ana amoyo pafupifupi sabata zinayi zilizonse, ndipo yaikazi imasunga umuna miyezi ingapo, kotero pafupifupi yaikazi iliyonse yogula imabwera ndi bere. Ya bere imadya bwino, mimba imakula chakumbuyo, pafupi ndi chipsepse chapansi pamada, ndipo mamba amagona. Iyang'aneni kuchokera pamwamba. Mamba akaimirira thupi lonse ngati khungu la chinanazi, ndiye kuti impso zalephera ndipo madzi adzaza m'thupi, ndipo zochira zikafika apa ndi zochepa. Yaikazi yovutika ndi ulendo imathanso kubereka nthawi isanakwane, kenako n'kufooka masiku angapo.

Zipsepse zong'ambika mooneka ngati zadulidwa, popanda kuyera m'mphepete, ndi ndewu. Zazimuna zimalimbana, ndipo zimavutitsa zazikazi. Yaimuna imodzi pa zazikazi ziwiri kapena zitatu ndiye mlingo wabwino.

Kuyeza mlingo

Mankhwala ambiri amalephera chifukwa cha masamu. Yezani m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wa madzi enieniwo m'masentimita, chulukitsani, gawani ndi 1000. Thanki ya 60 ndi 30 ndi 30 amaigulitsa ngati ya malita 54, koma madzi safika pakamwa, ndipo mchenga ndi miyala zatenga malo, ndiye otsala ndi pafupifupi 45. Mchere wa magalamu atatu pa lita ndi magalamu 135. Sipuni yaing'ono ya tiyi yosefukira ayi imanyamula magalamu asanu kapena asanu ndi limodzi, koma sikelo ya kukhitchini ndiyo yodalirika. Sungunulani mcherewo m'kapu kaye, muuthire m'magawo atatu, maola 12 pakati pake. Mchere wamba wa kukhitchini ulibe vuto, ayodini wake ndi wochepa kwambiri, bola usakhale wosakaniza ndi zokometsera. Mchere suuluka ndi nthunzi. Mukamangodzaza madzi omwe aphwera musawonjezere, koma mukachotsa malita 10 bwezerani wa malita 10 okhawo. Zomera zambiri ndi nsomba za pansi monga Corydoras sizipirira mlingo umenewu.

Chotsani makala osefera madzi, ngati alimo m'fyuluta, musanathire mankhwala, apo ayi amayamwa onse. Onjezerani mpweya, makamaka ndi formalin, yemwe amachepetsa mpweya m'madzi. Musasakanize mankhwala awiri pokhapokha wopanga atanena kuti zimatheka, ndipo posintha kuchoka pa ena kupita pa ena, chotsani theka la madzi n'kubwezera makala tsiku limodzi. Madzi okhala ndi malachite green asafike m'dziwe la chambo kapena nsomba iliyonse yodya.

Thanki yodikiriramo

Zambiri mwa izi zimapepuka nsomba zatsopano zikayamba zakhala pazokha. Thanki kapena chidebe choyera cha pulasitiki cha malita 40 mpaka 60 n'chokwanira: pansi popanda mchenga kuti muziona chimbudzi, siponji ya fyuluta yomwe yakhala kale m'thanki yakale sabata zingapo, hita, kachidutswa ka paipi kobisalamo, ndi chivundikiro chogwira, poti swordtail imadumpha, makamaka usiku woyamba. Kaukonde, kapaipi ndi ndowa zikhale zakezake. Pofika nazo, yandamitsani thumba losatsegula mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane, kenako tengani nsomba ndi kaukonde, madzi a m'thumba atayeni. Ngati zayenda ulendo wautali musazisiye m'thumba lotsegula, chifukwa mpweya woipa ukamatuluka pH imakwera ndipo ammonia yemwe wadzazamo amayamba kuwotcha. Zikhale pazokha sabata zinayi. Imodzi ikadwala, kuwerenga kumayambiranso tsiku lomwe yachira.

Nsomba yomwe ikuondabe pambuyo pa mankhwala a njoka, msana ukupindika, zilonda zosapola, mwina ili ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium, yemwe alibe mankhwala odalirika m'thanki. Ameneyu amatha kulowa pabala la padzanja la munthu n'kuyambitsa chotupa chochedwa kupola, ndiye valani magolovesi ngati muli ndi bala, ndipo chikatuluka muuzeni dokotala kuti mumaweta nsomba. Nsomba yomwe yafika posachira, yogona chammbali osadya, iphedwe mosaizunza ndi mafuta a clove: mamililita 0.4 pa lita, okhutchumula kaye m'madzi ofunda pang'ono, n'kuthira pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu, ndipo muisiye momwemo mpaka patapita mphindi 10 makha atasiya kugunda. Mtembo ukwirireni kapena muukulunge n'kutaya ku zinyalala. Yamoyo, yodwala kapena yathanzi, isatayidwe mumtsinje kapena mungalande. Swordtail zotayidwa chonchi zinakhazikika kale m'madzi a ku Australia, Madagascar ndi South Africa, ndipo ku Hawaii nsomba za banja lomweli zinapatsira Camallanus nsomba za m'mitsinje ya kumeneko.